Chitupa cha m'chitini cha agogo

## Funso la pa khonde

Linali Lamulungu madzulo. Titaweruka ku tchalitchi ndinapitirira kwa agogo ku Mabvuku, mu Harare muno mu Zimbabwe, monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinakhala pa khonde, laputopu ili pamiyendo, ndikuthamangitsa ntchito ya kusukulu yomwe inkafunika Lolemba m'mawa. Magetsi anali atapita kuyambira mbandakucha, batire nayo ikutha. Agogo anali pamkeka pafupi nane, akusadzula nkhwani m'lichero.

"Kodi iwe, sukulu yakoyi siitha? Anzako anamaliza kalekale. Kwenikweni ukuphunzira chiyani?"

Ndinakhala kaye chete, kusakasaka mawu. Kwathu timalankhula Chichewa chothira Chishona apa ndi apo, koma dzina la maphunziro angawa ndinali ndisanalitchulepo m'chilankhulo china kupatula Chingerezi. Ndinati, "Agogo, ndikuphunzira za ubale wa mayiko. Mmene mayiko amakhalirana, chomwe amayambanirana, ndi mmene amagwirizanirana akayambana."

Anangoti "Ooo," n'kupitiriza kusadzula. Ine ndinayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Patapita kanthawi anaika lichero pansi, n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akukoka sutikesi kunsi kwa bedi. Anatuluka ndi chitini chakale cha mabisiketi chomwe adzukulu tonse timachidziwa, momwe amasungamo khadi la sosayite ya maliro, makhadi a kuchipatala, ndi chithunzi cha malemu agogo aamuna atavala jekete yobwereka. Anafufuzamo, n'kutulutsa chitupa chawo chachitsulo, n'kundiika m'manja.

"Tawerenga apa. Ukuti ubale wa mayiko. Ine ndinabadwira kuno. Ana anga onse ndinaberekera kuno, agogo ako aamuna ndinawaika kuno. Ku Malawi phazi langa silinapondeko. Koma apa analemba kuti ndine mlendo. Tsono mwanangu, pa ubale ukunenawo, ine ndine m'bale wa dziko liti?"

Chitupacho ndinali nditachionapo kambirimbiri. Mawu aja akuti ALIEN ndinawawerenga ndili mwana, ndisanadziwe ndi tanthauzo lake lomwe. Koma tsiku limeneli anali pamwamba pa laputopu yanga, pomwe panali ndime yomwe ndinali nditangolemba kumene yofotokoza chomwe chimapangitsa dziko kukhala dziko. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma mawu sanatuluke. Agogo sanadikire yankho. Anatenga lichero lawo, n'kupita kukasonkha moto.

## Zomwe tinkaphunzira ku Mount Pleasant

Ndinalowa digiri ya masitazi ku University of Zimbabwe ndili ndi maloto omwe anzanga ambiri m'kalasimo anali nawo: kudzagwira ntchito ku ofesi ya kazembe, kapena ku likulu la SADC ku Gaborone, kapena m'mabungwe akuluakulu aja. Masana ndinkagwira ntchito m'tauni, ndikaweruka n'kuthamangira kombi ya ku Mount Pleasant komwe kuli yunivesiteyi, usiku n'kuwerenga mpaka maso kuwawa. Yemwe akuganiza zolowa maphunzirowa adziwe kuti kuloweza sikuthandiza. Mumapatsidwa mulu wa zowerenga, ndipo pa semina aphunzitsi safuna kumva zomwe wolemba ananena, amafuna kumva pomwe inuyo mukutsutsana naye.

Ndipo ndinkawakonda maphunzirowa, mpaka lero ndimawakonda. Tinayamba ndi mbiri yake, kuti mpando woyamba wa upulofesa pa phunziroli unakhazikitsidwa ku Aberystwyth, ku Wales, mu 1919, anthu atatopa ndi maliro a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Tinabwerera ku mapangano a mtendere a ku Westphalia, 1648, komwe ambiri amati ndi komwe kunayambira ganizo loti dziko lililonse ndi mwini wa za m'malire ake. Tinawerenga Hans Morgenthau ndi Kenneth Waltz, omwe amati pamwamba pa mayiko palibe mfumu, choncho lililonse limadzisamala lokha ndipo mphamvu ndiyo imalamula. Tinawerenga owatsutsa, omwe amati malonda, mapangano ndi mabungwe amaweta mayiko. Tinafika kwa Alexander Wendt, yemwe amati udani kapena ubwenzi wa mayiko sugwa kumwamba, amaupanga ndi mayiko omwewo pa zomwe amachitirana. Tinakangana za msonkhano wa ku Berlin wogawana Africa, za OAU, bungwe la umodzi wa mayiko a mu Africa la 1963, za chigamulo cha ku Cairo cha 1964 chosunga malire omwe atsamunda anasiya, za mgwirizano wa ku Lancaster House womwe unatsegula njira ya ufulu wa Zimbabwe. Masiku ena tinkatuluka m'kalasi kunja kutada bii, tikukanganabe mpaka pokwerera kombi.

Ndime yomwe ndinkalemba pa khonde paja inali ya pangano la ku Montevideo la 1933. Limati dziko liyenera kukhala ndi zinthu zinayi: anthu okhazikika, malo odziwika malire ake, boma, ndi kuthekera kochita ubale ndi mayiko ena. Zinayizi ndinkazitchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Koma choyambacho, anthu okhazikika, ndinkangochidumpha ngati chinthu chosafunika kufunsa. Ndani amawerenga anthuwo? Ndani amati uyu ndi wathu, uyu ayi? Nanga yemwe mayiko awiri onse amusiya panja amapita kuti?

Mutu wa kafukufuku wanga unali utavomerezedwa kale. Ndinkafuna kulemba za ubale wa Zimbabwe ndi China, ndondomeko ija yoyang'ana kum'mawa. Unali mutu wabwino, zowerenga zake zilipo zambiri, ndipo ukanandithandiza pofuna ntchito. Koma kuchokera Lamulungu lija, ndikati ndiutsegule, mtima sunkakhalapo.

## M'mafayilo a ku Borrowdale Road

Mbiri ya mmene makolo athu anafikira kuno tonse timaidziwa, aliyense ndi mbali yake. Bambo wa agogo anachoka ku Dedza ali mnyamata, msonkho utawavuta, n'kudzapeza ntchito pa famu ya fodya kumpoto kwa Harare. Sanabwererenso. Kwawo anawatcha mtchona.

Chomwe sindinkadziwa n'choti ulendo umenewu sunali wa munthu payekha. Nditayamba kupita ku National Archives, ku Borrowdale Road, ndinaona kuti maboma anaukonza mwadala. Panali malole a Ulere omwe ankanyamula anthu osalipira kuti adzagwire ntchito ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Panali Mthandizi, yemwe ankalemba anthu a m'mafamu, kupikisana ndi Wenela yemwe ankawatengera ku migodi ya ku Joni. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland anasainirana mgwirizano ku Salisbury, Harare ya lero, wa mmene antchito aziyendera pakati pawo. Nkhawa yawo inali manja olima fodya ndi okumba migodi. Koma manjawo anali ndi eni ake, ndipo eni akewo anakwatira, anabereka, anamanga matchalitchi ndi mizikiti, anayambitsa masosayite a maliro, anavina gule m'makomboni.

Kenaka kunabwera Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka kumapeto kwa 1963, likulu lake Salisbury. Tsiku lina ndikuyenda pa kampasi ndinaima nditakumbukira kuti yunivesite yomwe ndikuphunzirayi dzina lake loyamba linali University College of Rhodesia and Nyasaland. Nyasaland inali m'dzina lenileni la sukulu yanga. Kamuzu Banda mwiniwake, ali mnyamata, anagwirapo ntchito pa chipatala ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, ndipo mu 1959 anadzatsekeredwa m'ndende ku Gwelo mpaka April 1960. Mayiko awiriwa analukana ngati mkeka. Chitaganya chitatha, Malawi inalandira ufulu mu 1964, Zimbabwe mu 1980, ndipo palibe yemwe anakhala pansi mokwanira kufunsa kuti ana obadwira m'makomboni aja, opanda kalata yobadwira, adzakhala a yani.

## Chaka cha 2001

Amayi anga amakumbukira bwino nthawi imeneyi, ngakhale sakonda kuikamba. Mu February 2000 boma la Zimbabwe linagonja pa referendamu ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo chaka chomwecho mafamu anayamba kulandidwa. Antchito a m'mafamu, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, anataya ntchito ndi pokhala pomwe. Iwo ndi anthu a m'malokeshoni ankaganiziridwa kuti akuvotera otsutsa. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense yemwe angakhale ndi unzika wa dziko lina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akaukane motsatira malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Nthawiyo inatha mu January 2002, chisankho cha pulezidenti chili mu March.

Taganizani munthu ngati agogo, woti Malawi amangoimva m'nyimbo za kutchalitchi ndi m'nkhani za bambo awo, akuuzidwa kuti akakane unzika womwe sanaugwirepo m'manja. Ambiri sanamve n'komwe kuti lamulo lasintha. Anadzazindikira pa tsiku lovota, kapena pofuna pasipoti, kapena mwana akufuna kulemba mayeso.

Chomwe chimawapweteka kwambiri akuluakulu athu mpaka lero ndi mawu aja omwe Robert Mugabe ananena pa msonkhano wa ndale m'zaka zimenezo, kuti anthu a ku Mbare, lokeshoni ya mu Harare, ndi opanda mutupo, womwe ndi mfunda m'Chishona. Ife opanda mfunda? A Phiri, a Banda, a Mwale, a Nkhoma? Anthu oti pa maliro sitiika munthu tisanadziwe mbumba yake ndi mwini mbumba? Ndikamawerenga za nthawi imeneyi ndimaona kuti mawu anatsogola, lamulo n'kutsatira pambuyo. Mu 2005 kunabwera Murambatsvina, pomwe boma linagwetsa nyumba ndi malo a malonda m'matauni, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena popezera ndalama. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Mnzathu wa Chishona anali ndi kwawo ku Murehwa kapena ku Gutu. Mwana wa mtchona mudzi wake unali komboni ya pa famu yomwe inali italandidwa kale.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anakonza zambiri, ndipo izi ndiyenera kuzinena mosabisa. Gawo 43 limati munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowa asanatuluke, yemwe kholo lake limodzi kapena onse anali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala ku Zimbabwe pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Nditawerenga ndimeyi koyamba ndinalira. Pa lamulo, agogo anga akhala nzika kuyambira 2013. Koma chitupa cha m'chitini chija sichinamve za lamulolo.

## "Kodi imeneyi ndi nkhani yathu?"

Ndinapita kwa aphunzitsi oyang'anira kafukufuku wanga manja akunjenjemera, chifukwa kusintha mutu pakati pa chaka ndi kutaya miyezi. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anati, "Nkhaniyi ndi yofunika, sindikukana. Koma undiuze chifukwa chake ili ya ubale wa mayiko. Bwanji osaisiyira a zamalamulo kapena a mbiri yakale? Ukapeza yankho ubwere."

Poyamba zinandiwawa. Ndinkaona ngati akundiuza kuti agogo anga ndi aang'ono kwambiri moti sangalowe m'kalasi momwe timakamba za zida za nyukiliya ndi Security Council. Koma funso lawo linali lachilungamo, ndipo ndilo linandiphunzitsa kuposa semina iliyonse. Linanditengera masabata awiri.

Yankho lomwe ndinabwera nalo ndi ili. Unzika ndi njira yomwe mayiko amagawanira anthu a pa dziko lapansi. Pangano la ku Hague la 1930 limati dziko lililonse ndilo limasankha, mwa malamulo ake, yemwe ali nzika yake. Apa ndi pomwe pagona ulamuliro wa dziko womwe timauimbira nyimbo m'kalasi. Koma poti lililonse limasankha palokha, palibe woonetsetsa kuti munthu aliyense wagwera penapake. Zimbabwe ikati uyu ndi wa ku Malawi, Malawi n'kuti ife sitikumudziwa, munthuyo amagwera pakati ngati mbewu yogwera pa malire a minda, yomwe mwini munda aliyense amati ndi ya mnzake. Ndime 15 ya chikalata cha United Nations cha ufulu wa anthu cha 1948 imati aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi unzika, koma siinena kuti dziko liti liyenera kuupereka. Choncho munthu wopanda dziko si ngozi yochitikira kunja kwa dongosolo la mayiko. Amabadwa kuchokera m'dongosolo lomwelo.

Ndipo nkhaniyi si ya banja lathu lokha. Mu 2021 Amnesty International inatulutsa lipoti la vutoli, ndipo chiwerengero cha UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, chomwe chimatchulidwa ndi cha anthu pafupifupi 300,000 omwe ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko muno mu Zimbabwe. Si ife tokha a ku Malawi. Mulinso ana a omwe anaphedwa ndi asilikali a boma ku Matabeleland pa nthawi yotchedwa Gukurahundi, omwe alibe kalata ya imfa ya makolo awo, choncho sangapeze yobadwira. Mu 2024 African Union inavomereza pangano lapadera la ufulu wokhala ndi unzika. Ngati atsogoleri a mayiko amakhala pansi ku Addis Ababa kukambirana zimenezi, ndiye kuti nkhaniyi ndi yathu.

Aphunzitsi anawerenga tsamba langa limodzi lija, n'kugwedeza mutu, n'kuti, "Chabwino. Kayambe."

## Omwe anandilankhula

Kafukufukuyu ndinamuchitira m'malo omwe ndinakulira: pa mabenchi a CCAP mapemphero akatha, pa misonkhano ya sosayite ya maliro, m'makhonde a ku Tafara, Mufakose ndi Mbare. Malamulo a kafukufuku amafuna kuti munthu asaine fomu yovomereza asanafunsidwe. Ndinaona msanga kuti fomuyo ikuwaopsa akuluakulu. Agogo ena aamuna anandiuza kuti, "Mwana wanga, pepala lililonse lomwe ndinasainapo linanditengera kanthu." Ndinapempha chilolezo choti azivomereza pakamwa, ndipo ndinkayamba ndi kudzitchula kuti ndine mdzukulu wa yani, kwathu kwa makolo ndi kuti. Akamva Chichewa, mapewa ankatsika.

Chomwe chinkabwerezedwa ndi unyolo wa mapepala. Agogo alibe kalata yobadwira, choncho mwana wawo sanaipeze, choncho mdzukulu akuvutika kulembetsa mayeso a Giredi 7. Wopanda chitupa sangalembetse layini ya foni m'dzina lake, sangatsegule akaunti ku banki, sangalembedwe ntchito yokhazikika. Ife tinapulumuka chifukwa bambo anga anali ndi mapepala awo onse, ndipo ndi dzina lawo lomwe linandifikitsa ku Mount Pleasant. Asuweni anga ena, a magazi omwewa, amagulitsa tomato pa Mbare Musika ndi layini ya foni ya mnansi.

Tsiku lomwe ndinafotokoza zomwe ndapeza pamaso pa kalasi, mnzanga wina yemwe takhala naye benchi limodzi chaka chonse, yemwe sindinamumvepo akulankhula china kupatula Chishona ndi Chingerezi, ananditsatira panja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu, m'Chichewa chosweka, "Achemwali, inenso agogo anga ndi a ku Ntcheu." Anandiuza kuti ali ku pulayimale anzake ankamutcha mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, mpaka anasiya kuyankha amayi ake m'Chichewa. Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Anandipempha kuti ndikacheze ndi amayi akewo, ndipo ndinapita.

## Pa windo

Sindikanatha kulemba masamba onsewa agogo akadali ndi chitupa chija. Ndinasindikiza gawo 43, n'kuliika mu envulopu pamodzi ndi mapepala onse a m'chitini. Tinadzuka nkhuku zisanalire, agogo atavala chitenje chawo cha Chigwirizano ndi juzi ziwiri poti kunali kozizira, ndipo tinakaima pa mzere pa ofesi ina kunja kusanayere. Mtsikana wina anawapatsa chidebe chake kuti akhalire.

Tinafika pa windo dzuwa lili pamutu. Bambo yemwe anatithandiza anali waulemu. Anawapatsa moni agogo m'Chishona, anaona chitupa, n'kufunsa kalata yobadwira. Ndinayamba kufotokoza kuti anabadwira pa famu, m'nyumba ya udzu, mzamba wake anali mayi wa pa komboni pomwepo. Ndinatulutsa pepala langa la gawo 43. Analiyang'ana, n'kundibwezera mofatsa.

"Lamuloli ndikulidziwa, ndipo sindikutsutsa kuti amayiwa ndi nzika. Koma ine ndiyenera kuona umboni woti anabadwira muno. Pezani mboni yomwe inalipo kapena ikudziwa za kubadwa kwawo, ndi pepala lililonse lakale, kaya la ubatizo, kaya la sukulu, kaya la pa famupo."

Mboni ya kubadwa kwa munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Makolo awo anapita kale, achimwene awo onse awiri anapita, famu inasintha manja ndipo mabuku ake palibe akudziwa komwe anathera. Ndinamva mkwiyo ukukwera pakhosi, koma agogo anandigwira mkono. Anathokoza bamboyo, n'kutenga chitupa chawo, n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje.

Mu kombi pobwerera sindinalankhule. Titadutsa Msasa, agogo anati, "Usadandaule. Uja anali mwana wa mzamba uja, tinkasewera limodzi pa komboni, ndinamva kuti ali moyo. Amakhala kwa mwana wake ku Mufakose. Ndi wamkulu kwa ine, akukumbukira."

Ndinafunsa kwa amayi a Chigwirizano Lamulungu lotsatira, ndipo pasanathe sabata nyumbayo inapezeka. Abusa nawo alonjeza kufufuza m'mabuku akale a ubatizo a mpingo womwe unkayendera mafamu a dera limenelo. Chaputala chachinayi cha kafukufuku wanga chikufunika kumapeto kwa mwezi uno ndipo sindinachimalize. Loweruka likubwerali tikupita ku Mufakose. Agogo andiuza kuti ndigule shuga ndi buledi, chifukwa anthu awiriwa sanaonane kuyambira ali atsikana.